Galimoto yoyamba sinachokere ku Detroit

Zaka zikupita koma bodzali silikutha: akuti Henry Ford, mwini kampani ya ku Detroit ku America yomwe inkapanga galimoto yotchedwa Model T, ndiye anatulukira galimoto. Ndatopa nalo.

Tingoona zaka. Chikalata cha umwini wa galimoto yoyendera petulo chinalembetsedwa ku Germany pa 29 January 1886. Inali ya matayala atatu, yopangidwa ndi mmisiri Carl Benz mumzinda wa Mannheim. Mu 1888 mkazi wa mmisiriyo anaiyendetsa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Pforzheim, mafuta akugula m'sitolo ya mankhwala panjira poti malo omwetsera kunalibe. Ford uja anapanga kagalimoto kake koyamba mu 1896, kampani yake n'kudzayamba mu 1903, ndipo Model T inatuluka mu 1908.

Ulemu wake uli pena. Mu 1913 fakitale yake inayamba kulumikiza galimoto pa mzere woyenda, wantchito aliyense ataima pamalo pake n'kumangirira chitsulo chimodzimodzi tsiku lonse. Ntchito ya maola oposa 12 inatsika kufika pa ola limodzi ndi theka. Mtengo unagwa kuchoka pa madola 850 kufika pansi pa 300, anthu wamba n'kuyamba kugula. Kutchipitsa si kutulukira ayi.

Musanatumize nkhani zoterezi m'magulu a pa foni, funsani chaka ndi malo, muyerekeze m'mabuku awiri kapena atatu osiyana. Chikalata cha 1886 chija nambala yake ndi 37435, ndipo chithunzi chake chilipo pa intaneti.