Chiphaso cha makampani a lamya: kumene chinachokera

M'chaka cha 1836 ku France kunaululika chinyengo chimene oweruza anasowa nacho pogwira. Lamya kunalibe, ndipo telegalafu ya magetsi inali isanafale. Boma linali ndi nsanja zondandalikana kuchokera ku Paris mpaka m'zigawo, ndipo pamwamba pa nsanja iliyonse panali matabwa okhala ngati mikono. Munthu ankawapinda mwakutimwakuti, wa pansanja yotsatira n'kuona ndi galasi loonera kutali, nayenso n'kupinda ake chimodzimodzi, uthenga n'kumayenda. Abale awiri a banja la Blanc, amalonda a pamsika wa ndalama ku Bordeaux, anapereka chiphuphu kwa wantchito wa ku Tours kuti m'mauthenga a boma aziponyamo dala chizindikiro cholakwika, chimene tanthauzo lake ankalidziwa iwo okha: mitengo ku Paris yakwera, kapena yatsika. Ngolo ya makalata ikamafika ndi nkhaniyo, iwo anali atagula kale kapena atagulitsa kale. Anadyerera kwa zaka ziwiri. Atagwidwa, zinapezeka kuti panalibe lamulo limene linkaletsa zimene anachitazo. Chaka chotsatira, mu 1837, lamulolo linalembedwa: munthu asatumize zizindikiro kuchoka pamalo ena kupita pena, m'njira iliyonse, popanda chilolezo cha boma.

Masiku ano akatifotokozera chifukwa chake kampani ya mafoni imafunika chiphaso, amayamba ndi kuteteza ogula. Mbiri yake ikusonyeza kuti ogula anakumbukiridwa mochedwa. Choyamba chinali chakuti boma silinkafuna kuti uthenga uziyenda mofulumira kuposa lokha, lisakudziwa. Zifukwa zina, zomveka ndithu, zinadzaunjikidwa pamwamba pa chimenechi, ndipo zonse zinalowa m'pepala limodzi.

Telegalafu ya waya itafala ku Ulaya, vuto linali pa malire. Uthenga ukafika pamene dziko lathera, kalaliki ankaulemba papepala, n'kupatsira mnzake wa tsidya linalo, iye n'kuutumizanso pa waya wa kwawo. Pa 17 May 1865 mayiko 20 anasainirana pangano ku Paris, ndipo mmenemo munabadwira bungwe la mayiko loona za kutumizirana mauthenga limene lero timalidziwa kuti ITU. Anagwirizana za mitengo ndi za kagawanidwe ka ndalama. Koma anasamalanso kulembamo kuti dziko lililonse lili ndi mphamvu yoimitsa uthenga umene likuuona kuti ungasokoneze chitetezo chake. Britain sinasaine nawo, popeza telegalafu yake inali m'manja mwa makampani. Posakhalitsa nayonso inagula makampaniwo, ndipo kuyambira 1870 telegalafu inakhala ya positi ofesi.

Lamya itafika, a positi ofesi ya Britain anaona kuti malonda awo a telegalamu ali pangozi, ndipo anakasuma. Mu 1880 khoti linagamula mlandu wa Edison Telephone Company kuti pamaso pa lamulo, kulankhula pa lamya n'chimodzimodzi kutumiza telegalamu. Ndiye kuti makampani a lamya ankachita ntchito ya boma popanda chilolezo. Sanatsekedwe ayi. Anapatsidwa ziphaso, n'kuuzidwa kuti pa ndalama iliyonse imene apeza, gawo limodzi mwa magawo khumi lizipita kwa positi ofesi. Apa chiphaso chinali njira yoti mwini munda azidya nawo zokolola za amene wabwereka munda. Pa 1 January 1912 boma linatenga pafupifupi lamya zonse za m'dzikomo, kupatula madera ochepa monga mzinda wa Hull. Dongosolo lomweli, la makalata, telegalafu ndi lamya pansi pa nthambi imodzi ya boma, ndi limene atsamunda anapita nalo m'mayiko amene ankalamulira, ndipo mayikowo atalandira ufulu analisunga momwemo.

Ku America zinayenda mwina. Alexander Graham Bell analembetsa luso lake mu 1876, ndipo chitetezo cha lusolo chitatha cha m'ma 1893 ndi 1894, makampani ang'onoang'ono zikwizikwi anamera ngati bowa. Mitengo inatsika, lamya inafika m'midzi imene kampani ya Bell inkainyoza. Koma panali chopweteka mutu: kampani ya Bell inkakana kulumikiza mawaya ake ndi a anzake. Wamalonda wofuna kulankhula ndi makasitomala ake onse ankayenera kukhala ndi mafoni awiri patebulo, ndi mabuku awiri a manambala. Theodore Vail, amene anabwerera kudzatsogolera AT&T, mwini wake wa kampani ya Bell, mu 1907, anagwiritsa ntchito chisokonezo chimenechi ngati umboni wakuti mpikisano pa lamya ndi kuwononga chabe. Iye ankalalikira za netiweki imodzi ya dziko lonse, ndipo mosiyana ndi amalonda ambiri a nthawi yake, ankavomera kuti boma liziyang'anira mitengo, bola opikisana naye achoke. Mu 1913, poopa mlandu, AT&T inalonjeza kugulitsa masheya ake a ku Western Union, kampani ya telegalafu, ndi kulola makampani ena kulumikizana ndi mawaya ake a mtunda wautali. Kuyambira pamenepo mgwirizano unali wodziwika ngakhale kwa mwana: kampani imodzi idye yokha, boma liiuze malire a phindu lake.

Chifukwa champhamvu kwambiri cha chiphaso chinachokera panyanja. Kampani ya wailesi ya Marconi inkaletsa antchito ake kulandira kapena kuyankha mauthenga ochokera ku makina a makampani ena, zimene zinakwiyitsa Germany mpaka kuitanitsa misonkhano ku Berlin mu 1903 ndi 1906. Pa msonkhano wachiwiriwo anagwirizana kuti masiteshoni a m'mbali mwa nyanja azilandira uthenga wa sitima iliyonse posayang'ana amene anapanga makina ake, ndipo anasankha SOS kukhala chizindikiro cha ngozi. Kenako mu April 1912 sitima ya Titanic inamira, anthu oposa 1,500 n'kufa. Pa sitima ya Californian, imene inali pafupi, woyendetsa wailesi anali mmodzi yekha ndipo anali atakagona. M'masiku otsatira, mphepo inadzaza mauthenga osokonekera ndi mphekesera, ena akunena kuti onse apulumuka. Chaka chisanathe, America inakhazikitsa lamulo loti aliyense wotumiza mauthenga pa wailesi akhale ndi chiphaso. Britain inali nalo kale kuyambira 1904.

Nkhani ya mafunde a wailesi ndi yosavuta kuimvetsa. Atambala awiri salira m'khola limodzi: masiteshoni awiri akamaulutsa pa funde limodzi m'dera limodzi, palibe amene amamveka. Anthu a ku America anazionera okha mu 1926, khoti litagamula kuti nduna ya zamalonda, Herbert Hoover, inalibe mphamvu youza siteshoni funde loti igwiritse ntchito. Masiteshoni anayamba kudumphira paliponse pamene afuna ndi kuwonjezera mphamvu kuti aphimbe anzawo. Eni masiteshoni omwewo ndi amene anapempha boma kuti lilowererepo. Lamulo la 1927 linatsatira, ndipo mu 1934 kunakhazikitsidwa Federal Communications Commission (FCC), yoyang'anira wailesi ndi lamya pamodzi. Foni ya m'manja ndi wailesi yaing'ono yotumiza ndi kulandira, choncho mfundo ya 1927 ija ndi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Kampani yosapikisana ndi wina imazolowera. AT&T inafika poletsa munthu kulumikiza chinthu chilichonse chosapangidwa ndi iyo pa foni ya m'nyumba mwake, foniyonso inali yobwereka, osati yake. Panali kachipangizo kotchedwa Hush-A-Phone, kokhala ngati kapu, kovekera polankhulira kuti oyandikana nawe asamve zimene ukunena. Kanalibe waya, kanalibe magetsi. AT&T inati kakhoza kuwononga netiweki, ndipo FCC inavomereza! Linachita kukhala khoti, mu 1956, kunena kuti zimenezo n'zosamveka. Apa ndi pamene munthu amaona matenda a mabungwe oyang'anira: ukakhala zaka zambiri ukumva mbali imodzi, akatswiri ako onse akuphunzira ntchito kwa amene ukumuyang'anirayo, umayamba kuona ndi maso ake. Mu 1968, pa mlandu wa Carterfone, FCC inasintha maganizo n'kulola zipangizo za makampani ena bola zisawononge netiweki. Makina a fakisi, makina oyankha foni ndi mamodemu amene anthu anayamba kulowera nawo pa intaneti anapeza mpata chifukwa cha chigamulo chimenecho.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Boma la America linasumira AT&T mu 1974, anagwirizana mu 1982, ndipo pa 1 January 1984 kampaniyo inagawidwa: makampani asanu ndi awiri a m'zigawo anaima paokha. Chaka chomwecho Britain inagulitsa masheya a British Telecom n'kukhazikitsa bungwe loyang'anira lotchedwa Oftel. Panabuka funso limene kale kunalibe. Ngati boma ndi mwini kampani, ndiye woweruza pakati pa kampaniyo ndi opikisana nayo akhala ndani? Yankho linali bungwe loima palokha, losiyana ndi unduna komanso ndi makampani. Mu 1997 mayiko ambiri a m'bungwe la zamalonda la padziko lonse, WTO, analonjeza kutsegula misika yawo ya lamya, ndipo ambiri mwa iwo anavomeranso mfundo zakuti woyang'anira akhale wosakondera, njira yoperekera ziphaso ikhale yodziwika kwa onse, ndiponso kampani yaikulu isakane kulumikizana ndi yaing'ono. Kwa ine mfundo yomalizayi ndiyo yathandiza wogula kuposa zonse. Kampani yatsopano singapeze kasitomala ngakhale mmodzi ngati makasitomala ake sangaimbire anthu a pa netiweki yakale, ndipo yakaleyo singatsegule chitseko mwa kufuna kwake.

Kumayiko osauka kusinthaku kunafika zinthu zili pothina. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, komiti ya ITU yotsogozedwa ndi Donald Maitland inanena kuti mzinda wa Tokyo wokha unali ndi mafoni ambiri kuposa Africa yense. Anthu ankadikira zaka kuti alumikizidwe. Nigeria, dziko la anthu oposa 100 miliyoni, inali ndi mafoni a pansi osafika theka la miliyoni pamene inagulitsa ziphaso za mafoni a m'manja (GSM) mu January 2001, chilichonse pa madola 285 miliyoni. M'zaka zochepa chabe manambala a mafoni a m'manja anafika mamiliyoni ambirimbiri.

Nanga chiphasocho chizipatsidwa kwa yani? Kwa zaka zambiri akuluakulu a boma ankangowerenga makalata ofunsira n'kusankha amene awaona kuti ndi woyenera, njira yochedwa komanso yotsegukira ziphuphu. Mu 1959 katswiri wa zachuma Ronald Coase anati mafunde azigulitsidwa kwa amene wapereka zambiri. Atakafotokoza zimenezi ku FCC, mmodzi wa makomishonala anamufunsa ngati akunena nthabwala. M'zaka za m'ma 1980 America inayesa kuchita maere, ndipo makalata ofunsira anabwera miyandamiyanda kuchokera kwa anthu amene analibe cholinga chomanga ngakhale nsanja imodzi. Opambana ambiri ankangogulitsa chiphasocho kwa makampani enieni n'kulemera. New Zealand inayamba okushoni cha m'ma 1990, America mu 1994.

Okushoni nayo inadzaonetsa mano ake. Mu 2000, Britain inagulitsa ziphaso zisanu za 3G, netiweki ya mafoni a m'manja yonyamula intaneti, pa mapaundi 22.5 biliyoni, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake Germany inapeza pafupifupi mayuro 50 biliyoni. Nduna za zachuma zinasangalala. Makampani anatuluka ndi ngongole zoopsa asanaimike nsanja, msika wa masheya unagwa, ntchito zambiri zinatha, ndipo 3G inachedwa kufika kwa anthu. British Telecom inafika polekana ndi nthambi yake ya mafoni a m'manja mu 2001 ili mkati molimbana ndi ngongole. Akatswiri amatsutsanabe ngati mtengo wa chiphaso umagwera wogula kapena eni masheya, koma boma limene limaona mafunde ngati ng'ombe yokama mkaka liyenera kuvomera kuti likusankha ndalama za lero m'malo mwa nsanja za mawa. Kupereka motchipa nako kuli ndi tsoka lake. India inapereka ziphaso mu 2008 kwa amene wafika msanga, pa mitengo ya 2001, ndipo mu February 2012 khoti lalikulu linafafaniza ziphaso 122 nthawi imodzi. Amene anaimbidwa milandu ya katangale pa nkhaniyi anamasulidwa ndi khoti lina mu 2017, koma ziphasozo zinali zitapita.

Chiphaso cha lero ndi chikalata chokhuthala. Muli za madera amene kampani iyenera kufikako, za ndalama zothandizira kufikitsa netiweki kumidzi, za manambala a pangozi, za kulembetsa eni masimu khadi. Nigeria inalipiritsa kampani ya mafoni ya MTN chindapusa cha madola 5.2 biliyoni mu 2015 chifukwa chosadula manambala osalembetsa oposa 5 miliyoni, ngakhale pambuyo pokambirana ndalamayo inatsitsidwa kwambiri. Ndipo penapake mkatimo mumakhala ndime ija yakalekale. Pa 28 January 2011, anthu atadzaza m'misewu ya Cairo, mafoni a m'manja anazima. Kampani ya mafoni ya Vodafone inafotokoza kuti makampani onse analamulidwa kutero, kuti malamulo a Egypt amapatsa boma mphamvu imeneyo, ndipo kuti iyo inayenera kumvera. M'malamulo oyendetsera ITU, ndime 34 ndi 35 zimanenabe za ufulu wa dziko woimitsa mauthenga ndi wodula kulumikizana kwake ndi mayiko ena, monga anagwirizanirana ku Paris mu 1865.