Kompyuta ikamangozima yokha, musathamangire kuifomata

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu obwera ndi kompyuta yovuta: "Ingofufutani zonse, muikemo Windows yatsopano." Ndikamva choncho mtima umandiwawa. Munthuyo amataya tsiku lathunthu, mwina ndi zithunzi zake zomwe, ndiye pakapita masiku atatu sikirini ya buluu ija, imene Windows imaonetsa ikaima mwadzidzidzi, yatulukiranso. Ngati matenda ali mu RAM (chipangizo chosunga kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwirirapo ntchito), m'magetsi kapena m'kutentha, Windows yatsopano siyingawachize. Mwachapa malaya pomwe bala lili pathupi.

Kompyuta ikagwa imasiya umboni, koma ambirife sitiuwerenga. Sikirini ya buluu ikatuluka, ijambuleni ndi foni isanachoke. Pansi pake pamakhala mawu a zilembo zazikulu, ndipo mawuwo ndiwo poyambira. MEMORY_MANAGEMENT amaloza kwambiri ku RAM. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR akutanthauza kuti chipangizo china, kawirikawiri purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, chadandaula chokha. DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL ndi driver, kapulogalamu koyendetsa chipangizo, amene wagwira pamalo posaloledwa. Nthawi zina pamalembedwanso dzina la fayilo yothera ndi .sys, ndipo apo mwapeza mwayi: nvlddmkm.sys ndi wa khadi la zithunzi la NVIDIA, igdkmd64.sys ndi wa Intel. Ngati simunaijambule, lembani mawu akuti reliability pamalo ofufuzira a Windows, mutsegule Reliability Monitor. Ikuonetsani tsiku lililonse limene kompyuta inagwa, komanso zimene zinaikidwamo chakufupi ndi tsikulo.

Kodi driver n'chiyani kwenikweni? Ndi kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi chipangizo, kaya ndi printa, khadi la Wi-Fi kapena la zithunzi. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imangotsekeka yokha, zina n'kumapitirira. Koma ma driver ambiri amagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, mmene mulibe mpanda wowatchinga. Mmodzi akalemba zinthu pamalo olakwika, Windows imaima dala kuopa kuti ingaononge mafayilo anu. Dziko lonse linaziona zimenezi pa 19 July 2024, pamene kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo, imene driver wake amagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa, ndege zambirimbiri zinalephereka kunyamuka. Zipangizo zonsezo zinali zabwinobwino.

Ndiye funso limene ndimayamba nalo n'lakuti: chinasintha n'chiyani? Ngati vuto linayamba mutangoika driver watsopano, lowani mu Device Manager, mndandanda wa zipangizo umene uli mu Windows, pa chipangizocho musankhe Roll Back Driver, mubwerere kwa wakale. Yesaninso Safe Mode, mmene Windows imadzuka ndi ma driver ochepa okha ofunika. Ikakhala maola ambiri mmenemo osagwa, wokaikiridwa ndi driver kapena pulogalamu ina. Ikagwabe, maso anu atembenukire ku zipangizo. Ndipo chonde, mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse mukangodina kamodzi, atalikireni. Tengani driver kwa amene anapanga kompyutayo kapena chipangizocho.

RAM ndiyo imazunza anthu kwambiri, chifukwa ilibe ndondomeko. Lero uthenga ndi uwu, mawa ndi wina, ndipo mlandu umagwera driver wosalakwa amene anangopezeka pamalo owonongekawo. Mauthenga akamasinthasintha chonchi, ine ndimayamba ndi RAM. Windows ili ndi choyezera chake, Windows Memory Diagnostic, koma ndimakhulupirira kwambiri MemTest86, imene imayambira pa fulashi ndipo ndimaisiya usiku wonse. Ndikukumbukira kompyuta ina imene mwini wake anali ataifomata kawiri konse. Ulendo woyamba woyeza unadutsa bwinobwino. Nditadzuka m'mawa ndinapeza mizere yofiira itadzaza sikirini. Munali timitengo ta RAM tiwiri. Ndinachotsa kamodzi n'kuyezanso, zii, palibe cholakwa. Nditasinthanitsa, zofiira zija zinabwerera. Kamtengo kamodzi kokha ndiko kanamusowetsa tulo miyezi yonseyo. Cholakwa ngakhale chimodzi pa mayesowa n'chokwanira, RAM yabwino siyenera kuphonya n'kamodzi komwe. Nthawi zinanso kamtengoko kamakhala kabwino, kanangokhala mopendama. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, kachotseni n'kukabwezeramo mpaka timano ta m'mbali timveke kuti thwa.

Palinso kuzima kwa mtundu wina, kopanda uthenga uliwonse. Mukusewera gemu kapena mukukonza vidiyo, basi phethi, mdima. Mukayang'ana mu Event Viewer, mmene Windows imalemba zochitika zake, mupeza Kernel-Power 41, ndipo ambiri amaganiza kuti agwira wakuba. Ayi ndithu. Nambala imeneyi imangonena kuti kompyuta inazima mosatsazika, siinena chifukwa. Apa okaikiridwa ndi awiri, kutentha ndi magetsi. Mapurosesa ambiri akayandikira madigiri 100 amadzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira amadzizimitsa kuti asapse. Ikani pulogalamu yoonetsa kutentha monga HWiNFO, muone manambala pamene mukugwira ntchito yolemera. Ndatsegulapo malaputopu amene pakati pa fani ndi potulukira mpweya panali fumbi lolukana ngati bulangeti, loti kulikoka limatuluka lathunthu. Fani ikulira mpaka kusokosa koma mpweya osatuluka. Kuchotsa fumbilo ndi kupaka thermal paste yatsopano, phala lothandiza kutulutsa kutentha, pa purosesa kumatsitsa kutentha moonekeratu. Laputopu musamaiike pabedi, zofunda zimatseka mphuno zake.

Ngati kutentha kuli bwino koma ikuzimabe ikalemedwa, ganizirani bokosi la magetsi la m'kati, makamaka ngati mwangoonjezera khadi la zithunzi lalikulu. Njira yodalirika ndi kubwereka lina lodziwika kuti n'labwino n'kuyesera. Bokosilo musalitsegule. Limasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula chingwe.

Pa zonsezi, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mulembe tsiku ndi chimene mwachita, kenaka dikirani. Mukasintha RAM, driver ndi chaja tsiku limodzi, vuto likatha simudziwa chimene chathandiza, ndipo likabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sichifuna kudikira. Kompyuta ikamauma potsegula mafayilo, kapena hard disk ikamalira kuti te, te, te, siyani kuyeza kulikonse. Koperani mafayilo anu ofunika ku disiki ina pompo, kuyambira amene simungawapezenso kwina. Mukatha apo ndiye mutsegule CrystalDiskInfo muone zimene disikiyo ikunena za umoyo wake. Ikalemba Caution kapena Bad, gulani ina sabata yomweyo.