Bafa la M'chipinda ku Japan Silikhala ndi Madzi a Kasupe Nthawi Zonse

Alendo ambiri opita ku Japan amaganiza kuti akalipira chipinda chokhala ndi bafa lakelake m'nyumba ya alendo ya ryokan, ndiye kuti asamba madzi ochokera m'kasupe wotentha. Sizili choncho paliponse, chifukwa m'nyumba zina madzi a kasupe amapita kumabafa akuluakulu osambamo anthu ambiri okha, pomwe a m'chipinda amakhala a pampopi otenthetsedwa. Kuyambira mu 2005, lamulo limakakamiza eni malo kulemba poyera ngati madzi a kasupe amawasakaniza ndi ena, kuwatenthetsa kapena kuwazunguliza m'makina, choncho ndi bwino kufunsa musanalipire. Wofuna kusamba payekha, mwina chifukwa cha zojambula za pakhungu zomwe malo ambiri amaletsa, angasungitse kashikiri, bafa lokhoma ndi kiyi lomwe munthu amabwereka kwa mphindi pafupifupi 45, pamtengo wotsika kuposa chipindacho.