Kufooka kwa minofu: mmene achipatala amapezera gwero lake

Kutopa ndi kufooka kwa minofu n'zosiyana. Wotopa akapuma mphamvu zimabwerera, koma amene minofu yake ikudwala amalephera zimene ankachita kale: kudzuka pamkeka osagwira pena, kukwera kamtunda, kudzitwika ndowa, ngakhale kupesa tsitsi. Matenda a minofu amakonda kuyambira m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mapewa, mbali zonse ziwiri, ndipo sabweretsa dzanzi. Ngati vuto layambira kumapazi ndi dzanzi kapena kuotcha, nthawi zambiri ndi mitsempha, monga zimachitikira ndi shuga, khate kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid.

Kuchipatala adzafunsa kuti vutoli linayamba liti, mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndiponso ngati kubanja la mayi a wodwalayo kunali anyamata amene anasiya kuyenda ali aang'ono. Tengani mankhwala onse amene mukumwa. Prednisolone womwa nthawi yaitali, mankhwala a HIV otchedwa zidovudine, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, komanso kachasu, zonsezi zimatha kufooketsa minofu. Kenako amakukankhani mkono ndi mwendo inu mukulimbana nawo, n'kulemba mphamvu kuyambira 0 mpaka 5.

Mwana amamukhazika pansi kuti adzuke yekha. Akayamba wagwada, n'kugwira mawondo, kenako ntchafu, mpaka kuimirira movutikira, amaganizira matenda a Duchenne. Amagwira anyamata, amaonekera pa zaka 3 mpaka 5, ndipo akatumba a m'miyendo amakula ngati a mwana wamphamvu pomwe mwanayo akugwaigwa. Mayi asanenedwe kuti anachimwira mdulo. Matendawa ndi a m'chibadwa.

Magazi amayezedwa CK, chinthu chimene chimatuluka m'minofu ikamawonongeka. Pa Duchenne imakwera kuposa ka 10 pa mlingo wake. Jakisoni wa m'thako kapena kulima tsiku lonse kumaikwezanso, choncho pumani masiku awiri kapena atatu musanayezedwe, ndipo nenani ngati mwabayidwa. Amayezanso HIV, chithokomiro, ndi mchere wa m'magazi wotchedwa potassium, umene umatsika munthu akatsegula m'mimba kwambiri. Kuyeza minofu ndi singano yamagetsi kapena kudula kanyama kokaunika kumafuna chipatala chachikulu, ndiye sungani bwino kalata yokutumizani kuchoka kuchipatala cha ku Ulongué kapena cha ku Tete, kuno ku Mozambique.

Zina siziyembekeza kuche. Ntchafu yotupa, yolimba ndi yowawa pamodzi ndi kutentha thupi ingakhale ndi mafinya mkati, ofunika kuchotsedwa. Kutemera mphini kumangowonjezera majeremusi. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka utatha kuwawa minofu ndi chizindikiro cha vuto limene lingaphe impso. Kutsamwa pomeza kapena kubanika ndi ngozi yofuna chipatala nthawi yomweyo.

Mwana wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walobodoka mwadzidzidzi, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, kapena uzani wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Mu 2022 poliyo anapezeka mwa ana a m'chigawo chathu chino cha Tete. Pofuna kuona ngati ndi poliyo, achipatala amatenga chimbudzi cha mwanayo kawiri, motalikirana maola osachepera 24, pasanathe masiku 14 chiyambireni vutolo, ndipo amachisunga pozizira. Mukachedwa, kachilomboka kamavuta kukapeza, pomwe kakupitirira kufalikira kwa ana a pakhomo ndi oyandikana nawo.