Msika wa kuseri kwa tchalitchi ku Kraków

Alendo ambiri akafika ku Kraków, m'dziko la Poland, amangothera pa Rynek Główny, chibwalo cha mamita pafupifupi 200 mbali zonse. Koma mukazungulira kuseri kwa tchalitchi cha Mariya Woyera, mumatulukira pa kabwalo kena kopapatiza, Mały Rynek, kutanthauza msika waung'ono.

Mzindawu anaukonzanso mu 1257, a Mongol atauwotcha mu 1241, ndipo anali kalonga Bolesław V amene anaupatsa malamulo oyendetsera mzinda ochokera ku Magdeburg, ku Germany. Apa m'pomwe malonda anagawanika. Nsalu ndi katundu wa mpondamatiki zinatenga bwalo lalikulu, pomwe pali Sukiennice, chinyumba chomwe ankagulitsiramo nsalu. Nyama ndi nsomba anazikankhira kuseri. Amene anaimapo pa butchala dzuwa likuswa mtengo safuna kufotokozeredwa chifukwa chake: magazi, ntchentche, fungo. Dzina lina la kabwaloka linali Tandeta, chifukwa ankagulitsiranso zakale, kaunjika wa nthawi imeneyo.

Komatu kuseriko n'komwe kunali nkhani. Tchalitchi cha Barbara Woyera, chomwe msana wake unaloza kabwaloka, chinamangidwa m'zaka za m'ma 1300 pa manda a tchalitchi chachikulu. Akuluakulu amati anagwiritsa njerwa zotsala. Amalonda olemera a mumzindawu ankayankhula Chijeremani, ndiye ulaliki m'tchalitchi chachikulu unkachitika m'Chijeremani, eni nthaka n'kumapanikizana kwa Barbara kuti amve mawu a Mulungu m'chinenero chawo. Mkangano unakula mpaka mu 1537, pamene mfumu Zygmunt I inatembenuza zinthu: Chipolishi chinalowa m'chachikulu, Chijeremani n'kusamukira m'chaching'ono. Mu 1583 tchalitchichi chinaperekedwa kwa ansembe a Chijezwiti, ndipo Jakub Wujek, amene anamasulira Baibulo m'Chipolishi, anaikidwa momwemo mu 1597.

Tsidya lina la bwalo, pa nambala 6, pali nyumba ya Szober. Mmenemo, pa 3 Januwale 1661, munatuluka Merkuriusz Polski, nyuzipepala yoyamba ya m'Chipolishi. Sinakhalitse. Inasamukira ku Warsaw n'kutha chaka chomwecho itatuluka maulendo 41 okha.

Nyama itachoka kunabwera zipatso ndi ndiwo zamasamba, kenaka magalimoto. Kwa zaka zambiri bwalo lonse linali poimika magalimoto, chinthu chomwe ine ndimati chinanyoza malowa kuposa ntchentche zija. Analikonza mu 2007, magalimoto n'kuchotsedwa, ndipo mwezi wa Ogasiti pamadzaza anthu odya pierogi, timitanda ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama, kabichi kapena tchizi m'kati.