Nyimbo ikasintha pakamwa, tanthauzo nalo limasamuka

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa makwaya kuno ku Angonia, funso lomwe limatseka oimba pakamwa ndi ili: "Mawu mwangotchulawo akutanthauza chiyani?" Kumangoti zii. Aliyense anaiphunzira nyimboyo ndi khutu, pa wailesi kapena pa foni ya mnzake, ndipo pomwe khutu linalephera, pakamwa panadzaza pokha.

Si ulesi ayi. Chichewa chathu chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa katchulidwe basi, chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Poimba, mang'ombe a nyimbo ndiwo amalamula pokwera ndi potsika, ndiye kusiyana kuja kumafufutika. Womvera amangotola tanthauzo lomwe lili pafupi ndi moyo wake. Nanga nyimbo ikakhala ya m'Chipwitikizi kapena Chinyungwe cha ku Tete, woimba wa ku Tsangano amaipinda mpaka imveke ngati ya kwawo.

Chitsanzo chomwe ndimakonda chikutikhudza ife Angoni. Mu 1939, ku Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya Chizulu yotchedwa Mbube, kutanthauza mkango. Mbale yake itafika ku America, woimba wina, Pete Seeger, anamva mawu oti "uyimbube", ndiwe mkango, ngati "wimoweh", mawu opanda tanthauzo m'chiyankhulo chilichonse. Anaiimba choncho ndi gulu la The Weavers, dziko lonse nkutengera. Mu 1961 gulu la The Tokens linaijambula ndi mawu a Chingerezi onena za mkango wogona. Taonani: nyimbo yomwe inkaloza mkango pamaso inasanduka yogonetsa mwana. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka, ndipo banja lake linadzagwirizana ndi eni chilolezo cha nyimboyo mu 2006, italowa kale mu filimu ya Disney.

Koma tisaloze Amereka okha. Pitani ku Domwe ngoma ikamavinidwa. Mawu ambiri a m'nyimbozo ndi a Chingoni chomwe makolo anabwera nacho kuchokera kummwera, ndipo ochiyankhula lero ndi owerengeka. Achinyamata amaponda pansi mwamphamvu, chishango m'manja, kutchula mawu omwe aphwanyika pang'onopang'ono m'kamwa mwa mibadwo. Nyimbo yomwe inali ya nkhondo lero ikunena kuti "ndife Angoni", ndipo pamenepo ine sindionapo cholakwa.

Kusintha kwina kumachitika ngakhale mawu atamveka bwinobwino. Woimba wa ku America, Otis Redding, anatulutsa nyimbo ya Respect mu 1965: bambo wofuna ulemu akabwera kunyumba ndi ndalama. Aretha Franklin ataibwereza mu 1967, inakhala mfuu ya mayi wofuna ulemu wake, ndipo ambiri lero sadziwa nkomwe kuti inayamba ndi mwamuna. Kwathu kunonso timachita zomwezi. Nyimbo ya pamaliro ikaikidwa ng'oma za kiyibodi, anthu amaivina pa ukwati ku Ulongwe osamvanso kuti ikulira munthu.

Ichi chokha ndiye chimandiwawa. Nchifukwa chake kwaya yanga isanatsegule pakamwa, timayamba takhala pansi, wina nkuwerenga mawu onse mokweza ngati kalata, popanda kuimba.