Foni siwerenga dzina la nyimbo lomwe inu mumaliona

Mukatsegula pulogalamu yoimbira nyimbo n'kupeza mndandanda wautali wa "Unknown artist", pakati pake pali AUD-20240312-WA0007, musafulumire kuinena foniyo. Ikungosonyeza zomwe yapatsidwa. Mapulogalamu ambiri a nyimbo salabadira dzina la fayilo lomwe mumaliona mu foda. Amawerenga timawu tobisika mkati mwa fayiloyo, totchedwa ma tag. Pa MP3 timawuti amatitcha ID3, ndipo muli malo olembapo mutu wa nyimbo, woimba, chimbale, nambala ya nyimbo pa chimbalecho, chaka ndi chithunzi cha pachikuto.

Malo amenewa akakhala opanda kanthu, foni imangotola dzina la fayilo n'kumuponya woimbayo m'gulu la osadziwika. Choipa kwambiri n'chakuti masamba ambiri a pa intaneti otsitsirapo nyimbo amalemba dzina lawo pamalo a chimbale kapena a woimba, ndiye nyimbo za kwaya, za dansi ndi ulaliki zimasanduka chimbale chimodzi. Komanso dzina limodzi likalembedwa mitundu iwiri, apa ndi mpata wowonjezera, apo ndi "ft." kutsogolo kwake, foni imaona oimba awiri osiyana.

Kukonza kwake sikufuna ndalama. Pa Android, pulogalamu ya Musicolet ili ndi chosinthira ma tag, ndipo sigwiritsa ntchito intaneti n'komwe. Sankhani nyimbo zonse za woimba mmodzi nthawi imodzi, lembani dzina lake kamodzi, sungani. Amene muli ndi kompyuta, Mp3tag imamaliza mafayilo mazana pa mphindi zochepa. Pali malo ena omwe ambiri amawadumpha, olembedwa Album artist. Apo lembani mwini chimbale yekha, ndipo alendo amene aimba naye muwalembe pa Artist. Mukatero chimbale sichimwazikana.

Kenako mafoda. Nyimbo zimalowa m'foni kudzera m'makomo ambiri: za Bluetooth zimagwera kwake, za Xender kwake, zotsitsa pa intaneti mu Download, za WhatsApp mu WhatsApp Audio. Zisamutsireni zonse mu foda ya Music, woimba aliyense ndi foda yake, chimbale chilichonse mkati mwake. Mayina a mafayilo ayambe ndi manambala awiri: 01, 02, 03. Chifukwa chake n'chakuti masipika olowa memori khadi kapena flashi, ndi mawailesi ambiri a m'galimoto, amatsata dzina la fayilo kapena ndondomeko yomwe mafayilo anakopedwera. Mukalemba 1, 2, 3 mpaka 12, makina otsata dzina amaimba 1, kenako 10, 11, 12, ndiye n'kubwerera ku 2.

Za WhatsApp zifunika kuchenjera nazo. Palibe chochititsa manyazi ngati pa chinkhoswe, sipika ili pamwamba, anthu akufupa, nyimbo n'kutha kenako n'kumveka uthenga wa pagulu la kumpingo wokumbutsa zopereka. Izi zimachitika chifukwa Android imasakasaka mafayilo onse a mawu n'kuwapereka ku pulogalamu ya nyimbo, osasankha. Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, foda ya WhatsApp Audio ili mu Android, media, com.whatsapp, WhatsApp, Media. Chotsanimo kaye nyimbo zomwe mukuzifuna, kenako ikanimo fayilo yopanda kanthu yotchedwa .nomedia, kadontho koyambirirako osakaiwala. Foni ikaona fayilo imeneyi imaidutsa foda yonseyo. Koma musaiike mu DCIM, foda ya zithunzi za kamera, chifukwa zithunzi zanu zikhoza kusowa mu Gallery ngakhale sizinafufutidwe. Amene zimenezi zikukuvutani, mapulogalamu ambiri ali ndi posankha mafoda oti asawerengedwe, ena amathanso kubisa mawu onse osakwana masekondi 30 kapena 60.

Nkhani ya malo ndi masamu chabe. MP3 ya 128 kbps (muyeso wa deta yomwe sekondi iliyonse ya nyimbo imatenga) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi 4 ili pafupi ndi 4 MB, ndipo mu 1 GB mumalowa nyimbo ngati 250. Ya 320 kbps imadya 2.4 MB pa mphindi, choncho mu 1 GB momwemo mumangolowa 100 kapena kupitirira pang'ono. Pa kasipika ka foni kusiyana kwake simungakumve. Pa zokuzira mawu zazikulu kumamveka. Musataye nthawi kusintha fayilo ya 128 kuti ikhale 320. Zomwe zinadulidwa poipanikiza sizibwerera, imangonenepa pachabe.

Memori khadi ndiyo imaliritsa anthu ambiri. Makhadi ofika 32 GB amabwera ndi dongosolo la FAT32, pomwe a 64 GB kupita m'mwamba amabwera ndi exFAT, yomwe mafoni ambiri a mabatani ndi masipika otchipa saiwerenga. Ngati khadiyo izizungulira pakati pa foni, sipika ndi galimoto, 32 GB ndiye yosavuta. Foni ikakufunsani momwe muigwiritsire ntchito, sankhani portable storage. Mukasankha internal storage, foni imaitseka khadiyo ndi kiyi yakeyake, moti kwina kulikonse siwerengeka, ndipo foniyo ikafa nyimbo zapita nayo.

Palinso makhadi achinyengo, olembedwa 64 GB pomwe mkati muli 8 GB kapena kuchepera. Amalandira mafayilo bwinobwino, mayina onse n'kumaoneka, koma mukadutsa malire ake enieni nyimbo zimayamba kukana kutseguka kapena kudukira pakati. Musanapite nayo kokabenetsa nyimbo, iyeseni pa kompyuta ndi H2testw, yomwe imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso. Imatenga nthawi, koma yabodza siipulumuka.

Playlist muipange pomaliza, mafoda atakhazikika. Mkati mwake mulibe nyimbo, muli adiresi chabe ya pomwe fayilo iliyonse ili. Mukasamutsa foda kapena kusintha dzina lake, playlist imatsala ikuloza m'nyumba yosamukamo. Mukamaliza kuipanga, itulutseni ngati fayilo ya M3U n'kuisunga mu Music momwemo, kuti posintha foni musayambirenso.

Nyimbo zikamazima zokha foni ikangothima sikirini, wolakwa nthawi zambiri ndi chosungira batire, chomwe chimapha mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo. Lowani mu Settings, Apps, sankhani pulogalamu yanu ya nyimbo, pa Battery muike Unrestricted. Mawu ake amasiyana pang'ono pa Tecno, itel kapena Samsung.

Zotsitsa mkati mwa Spotify musaziwerengere m'gulu la mafayilo anu. Zimakhala zotsekedwa, zimangoimba mu pulogalamuyo, ndipo simungazitumize pa Bluetooth kapena kuziika pa flashi. Spotify imafunanso kuti foni ilowe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse, apo ayi zotsitsazo zimasiya kuimba. Ngati mukupita kumudzi komwe netiweki imachita kuikwerera pachulu, tsegulani pulogalamuyo muli ndi bandulo musananyamuke.